Msampha wa a Deliwe pa Kompyuta ya Alimi a Manachesi

A Deliwe Zacharia anabadwira kwa Kanduku pa 9 Malichi 1971, ndipo anaphunzira kutayipa ku Blantyre mu 1990, nthawi ya makina aphokoso aja. Amuna awo atamwalira mu 2009, analowa ntchito ya ulembi pa kagulu ka alimi a manachesi pa boma la Mwanza. Kompyuta ya mu ofesimo inali imodzi, ndipo makalata a ogula zipatso ankafikira pa imelo yawo.

Pa 14 Meyi 2024, a Langton, wapampando wa gululo, anaimirira pamsonkhano nanena kuti mlembi ndiye akutulutsa zinsinsi. Ogula atatu anali atalisiya gulu n'kumakagula kwa munthu wina mseri. "Pakamwa pa mayi wamasiye sipatsekeka," anatero. Komiti inati pa 7 Juni idzagamula ngati a Deliwe apitirize ntchito.

Mawuwo anawabaya, koma sanalire. M'mawa mwake anakhala pa kompyuta n'kuyamba kufufuza m'masetingi a bulauza, pulogalamu yolowera pa intaneti ija. Anapeza kuti pasiwedi yawo inasungidwa momwemo, moti aliyense wokhala pampandopo ankalowa m'makalata awo ngati m'nyumba yopanda chitseko. Mndandanda wa masamba otsegulidwa unaonetsanso kuti Lachinayi lililonse masana, iwo akapita kumsika, wina ankawerenga makalatawo kenako n'kutsegula imelo yake. Makiyi a ofesi anali ndi anthu awiri okha: iwo ndi a Langton.

Akanatha kuchotsa pasiwediyo tsiku lomwelo, koma anaisiya dala. Anangosintha chinthu chimodzi: anatchera bulauza kuti ikamatsegulidwa izibwezeretsa masamba onse amene anali otsegula poitseka. Ankawadziwa bwino a Langton. Akamaliza ankangodina kamtanda ka pakona, n'kufunditsa kompyuta chitenje, iwo n'kumati zonse zafufutika.

Lachinayi pa 6 Juni a Deliwe anachedwa dala kumsika, ndipo atabwerako kompyutayo sanaikhudze. Lachisanu komiti itasonkhana, anati, "A tcheya, poti wokayikiridwa ndine, tsegulani nokha muwaonetse anzathuwa makalata anga."

"Zosavuta zimenezo, mayi," anatero a Langton akuvundukula chitenje.

Masamba awiri anatseguka okha. Loyamba linali makalata a mlembi. Lachiwiri linali kalata ya a Langton yopita kwa wogula wa ku Limbe, yomuuza kuti gulu alitaye, manachesi adzatenge kumunda kwawo kwa Nthache.

A Iness, msungichuma, anavala magalasi n'kuwerenga mokweza mpaka dzina la pansi. "Kodi a tcheya, wamasiye uja ndinu?"

"Makinawa alodzedwa!" anatero a Langton, thukuta lili kamukamu.

"Ee, bambo, ndawalodza ndine," anayankha a Deliwe.

Komiti inachotsa a Langton pampando tsiku lomwelo, ndipo a Deliwe anapitiriza ntchito. Asanaweruke anasintha pasiwedi, analetsa bulauza kuisunganso, n'kuitchera kuti ikatsekedwa iziiwala aliyense amene analowamo.

Pa 10 Juni akazi a Langton anafika kunyumba kwawo ndi tambala m'manja kudzapepesa. A Deliwe anawapatsa mpando ndi madzi akumwa, koma tambalayo sanamulandire. "Achemwali, inu simunandilakwire. Mwano unanenedwa pamsonkhano, kupepesanso kukachitikire pamsonkhano."

A Langton sanapitebe kumsonkhano kukapepesa, ndipo pa msonkhano uliwonse a Deliwe amalemba dzina lawo pa anthu osafika.