Kabokosi Konunkhiza Utsi

Sikisi koloko m'mawa inapeza Amasopo atawerama kale pabeseni, akuchapanso mashiti amene anachapa dzulo. Anali mashiti oyera a kunyumba yogona alendo, koma pofika nthawi yoanula anali atachita mawangamawanga ngati nkhanga. Kuseri kwa mpanda ng'anjo inali itayamba kale kulilima. Anadzutsa mutu, naona utsi ukutsetsereka pamwamba pa njerwa, natsonya.

Dzina loti Amasopo anawapatsa ndi ana a pamdadada wa nyumba za lendi pamene amakhala, chifukwa manja awo sauma thovu. Anayamba kuchapira anthu akadali mtsikana, ndipo ntchito yomweyo ndi imene ikulera ana awo atatu. Bambo a m'nyumbamo ndi dalaivala wa mathiraki, amangobwera kudzasintha malaya n'kubwereranso pamsewu.

Kuseri kwa mpandako kuli amisiri osungunula zitini ndi zidutswa za injini n'kuumba mapoto. Moto wake amasonkhezera ndi oyilo wakutha ndi matayala. Zenera la kuchipinda kwa Amasopo layang'anizana ndi ng'anjoyo, moti ukatulutsa mkono ukhoza kukhudza mpanda. M'chipinda chimenecho ndi mmene ankagona Mzime, mwana wawo wotsiriza wa zaka zinayi, amene chifuwa chake chimalira ngati kamwana ka mphaka.

Za mashiti Amasopo amatha kupirira, madzi ndi sopo zilipo. Koma chifuwa cha mwana sungachichape.

Anayamba apita kwa mwini ng'anjo. Mkuluyo anadzisisita pamimba. “Mayi, utsi supha munthu. Ine ndakulira momwemu, taonani mmene ndanenepera!” Anapita kwa eni nyumba, amene anangoti ofuna chipindacho ndi ambiri. Kusamuka nako kunali kovuta, poti mpopi, zingwe zoyanikira ndi anthu onse owachapira zili pomwepo. Anapita ku khonsolo. Bambo wa patebulo sanadzutse n'komwe maso. “Umboni uli kuti, mayi? Utsiwo mwabwera nawo?”

Ndiye tsiku lina kunafika mtsikana wa ku yunivesite, atatsagana ndi alangizi a zaumoyo. Anatulutsa m'chikwama kabokosi koyera, kakang'ono ngati sopo wochapira, kokhala ndi timabowo m'mbali.

“Kameneka kali ndi mphuno mkati,” anatero mtsikanayo. “Kamanunkhiza mpweya usana ndi usiku, n'kumasunga m'mutu kuchuluka kwa utsi ndi tifumbi timene maso saona koma timalowa m'mapapo. N'katsopano, tikukayesa kumene. Kakhale pano milungu iwiri. Osakaphimba, osakanyowetsa, osakachotsa. Zimene kapeze, a khonsolo avomera kuziona.”

Amasopo anakhoma okha msomali kunja kwa zenera la kuchipinda, m'munsi mwa denga, nakapachika. M'mawa uliwonse ankakapatsa moni. “Wadzuka bwanji mlendo? Nunkhiza ndithu, usachite manyazi.”

Amayi a pampopi ankafa ndi phwete. “Amasopo, mwapeza bambo wina? Uyu ndiye wabwino, sachoka pakhomo!”

“Ndipo safunsa ndiwo,” ankayankha iwo, akufinya shiti.

Patangopita masiku ochepa, amisiri aja analandira ntchito yaikulu ya mapoto, ng'anjo inayaka osazima. Utsi unadzaza mdadada wonse mpaka zovala za m'sutikesi kununkha tayala. Mzime anabanika kufikira milomo kuda. Amasopo anamubereka n'kuthamangira kuchipatala, ndipo anamugoneka komweko. Ali m'njira anaimbira apongozi awo kuti adzakhale ndi ana enawo. Anatchula za ufa, za yunifomu, za kiyi wa pampopi. Za kabokosi sanakumbuke.

Pabenchi ya m'chipatala, akuyang'ana mwana akupuma ndi chubu m'mphuno, chinthu chimodzi chokha chinkawalimbitsa mtima. Ankati, lekani ng'anjoyo iyake, mlendo wanga akuona zonse.

Apongoziwo ndi mayi waukhondo wosasewera. Kwawo wailesi ili ndi kansalu kake, kanema ali ndi kansalu kake, ngakhale fulasiki ya tiyi imavala.

Tsiku limene Mzime anatuluka m'chipatala ndi lomwenso mtsikana wa ku yunivesite anabwera kudzatenga kabokosi kake. Amasopo anamutsogolera kuseri kwa nyumba mwana akadali kumbuyo. Anapeza msomali wokhawokha.

“Amayi!” anaitana, mtima uli m'mwamba. “Kabokosi kanali apa kali kuti?”

“Kaja ka eni ake? Kali bwinobwino, amake Mzime, musade nkhawa.”

Apongozi anawalowetsa pabalaza natsekula kabati ya magalasi. Pakati pa mbale za alendo panali kabokosi kaja, kokulungidwa m'kathumba ka pulasitiki, komangidwa pakamwa, pamwamba pake kansalu koluka ka maluwa ofiira.

“Ndinakapeza tsiku lomwe ndinafika, kakuda bii ndi mwaye,” anafotokoza monyadira. “Ndinati iii, apongozi angawa adzayankha chiyani eni ake akabwera? Chinthu chobwereka ungachisiye panja pa utsi wotere? Ndinakapukuta bwinobwino, mpaka m'timabowomo ndinatokosamo ndi kamtengo ka machesi.”

Mtsikana uja analumikiza kabokosiko ku foni yake, nawaonetsa mzere. Poyamba mzerewo unakwera ngati phiri, kenako unagwa n'kugona chagada mpaka kumapeto.

“Kakuti chiyani?” anafunsa Amasopo.

“Kakuti pano pali mpweya wabwino kuposa ku ofesi kwathu.” Sanaseke. “Masiku oyambawa akuonetsa utsi woopsa ndithu, koma ndi ochepa. A khonsolo anati akufuna milungu iwiri yathunthu.”

“Ndiye kasiyeninso! Ndikagona nako panja ine.”

“Mawa kakudikiridwa kudera lina, mayi. Tidzabweranso mvula ikatha. Koma pakafukufuku wathu nyumba imodzi imalandira kamodzi basi. Ndikanakhala ine ndekha…” Anasiyira pomwepo, natsekera kabokosi m'chikwama.

Amasopo anayang'ana apongozi awo, amene anali atagwirabe kansalu ka maluwa kaja. Munthu wamkulu, wasiya kwawo kudzakusungira ana, ungamukalipire bwanji? Anatsitsa Mzime, natuluka panja, natenga thaulo la eni ake m'beseni n'kulifinya mpaka linang'ambika. Madzulo ake anamva apongozi akufunsa mdzukulu wawo wamkulu monong'ona, “Kodi ndalakwa kusamala?”

Masiku ano Mzime amagona pabalaza, pamphasa, pafupi ndi kabati yomweyo. Zenera la kuchipinda Amasopo analitseka ndi zisanza zonyowa, zimene m'mawa zimakhala zakuda. Mwini ng'anjo anamva nkhani yonse, ndipo akakumana nawo pamsewu amavula chipewa. “Mayi, ndamva makina anu anandiyeretsa!” Amasopo amangosuntha beseni pamutu n'kudutsa.

M'mawa uja wochapanso mashiti, atamaliza kutsukuluza shiti yotsiriza, anaiyanika ku chingwe chakutali ndi mpanda, ngakhale akudziwa kuti mwaye ufikako ndithu. M'nyumba Mzime anatsokomola, ndipo Amasopo anaima chilili, manja ali m'mwamba, mpaka chifuwacho chinaleka.

Ine ndimakhala khomo lachitatu pamdadada womwewo, ndipo ndinali pampopi ndi khanda langa kumbuyo. Anandikodola ndi dzanja la thovu.

“Achemwali, zenera lanu nalonso layang'ana kumpandaku, si choncho? Mtsikana uja akabwera mvula ikatha, chonde mudzakalandire inu kabokosiko. Msomali ndidzakhoma ine. Mudzakasiye kade bii, kade mpaka kanyanse. Ndipo kukabwera mlendo aliyense wokonda kupukuta zinthu, kaya ndi amayi anu okuberekani, mudzayambe mwandiitana asanalowe m'nyumba.”