Tsiku limene ndinapita kuntchito pa sitima

Nditangokwatira ndinkagwira ntchito ya ukalaliki pa ofesi ina m'tauni ya Blantyre, ndipo tinkachita lendi ku Chileka. Apongozi anga aamuna, mphunzitsi wopuma ntchito komanso mkulu wa mpingo ku Lirangwe, ankafuna kuti tikamange kwawo kwa mkazi wanga. Ndinawauza mwaulemu kuti n'kutali ndi kuntchito.

"Kutali bwanji, njanji ili apayi?" anatero.

"Bambo, sitima ya anthu imadutsa kamodzi pa sabata."

"Ndiye kuti imadutsa."

Ananditengera ku siteshoni kukafunsa nthawi. Bambo amene tinawapeza kumeneko anafotokoza bwinobwino. Sitima imachoka m'tauni m'mawa kulowera ku Balaka, nthawi imene anthu apantchito amakhala akulowera kutauni. Pobwerera, tsiku lina, imafika pa Lirangwe dzuwa litapendeka. Apongozi analemba zonsezi kuseri kwa envulopu, n'kunena kuti tiyese kaye, chinthu sachikana usanachione.

Ndinapempha kwa abwana kuti tsikulo ndichedweko. Atamva chifukwa chake anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mubwere nthawi imene sitimayo ikubweretseni," anatero.

Ndinagona ku Lirangwe. Apongozi anavala jekete ndi tayi, ine ndinanyamula chikwama changa cha kuntchito. Pa siteshoni tinapeza amayi a madengu a tomato, matumba a makala, nkhuku zomanga miyendo, ndi bambo wina wonyamula chitseko. Wovala tayi wina panalibe.

Itafika sitima, bogi yathu inali yodzaza kale. Mayi wina anasuntha dengu lake kuti apongozi akhale. Ine ndinaima njira yonse, chitseko chija chitanditsamira paphewa. Sitima inkaima paliponse pamene pali siteshoni, ndipo paliponse anthu ankakwera ambiri kuposa otsika. Apongozi ankasuzumira pawindo n'kumaloza nyumba zatsopano za malata m'malo amene iwo ankawadziwa ngati minda.

"Onsewa amagwira ntchito m'tauni?"

"Ambiri, bambo."

"Amapita pa chiyani?"

"Pa minibasi."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva za maliro a kutali.

Ndinafika ku ofesi anzanga akutseka mawindo. Ndinasaina m'buku la ofika, ndipo mlonda anandipempha kuti ndisainiretu ndi potuluka pomwe kuti akhome. Apongozi ankandidikira panja pa geti.

"Mwagwira?"

"Ndasaina, bambo."

"Chachikulu tafika."

Kenako anafunsa kuti sitima yobwerera inyamuka nthawi yanji. Ndinawakumbutsa kuti ndi sabata yamawa. Anatulutsa envulopu ija, anawerenga, n'kuvomera kuti zinalembedwadi choncho.

Tinakwera minibasi, anthu anayi pampando wa atatu. Kondakitala anawasenzetsa apongozi chigubu cha mafuta ophikira pamiyendo. Titafika pa Lunzu apongozi anati vuto si sitima ayi, vuto ndi maofesi amene amatsegula tsiku lililonse.

Ku Lirangwe tinamangabe. Mkazi wanga anali atagula kale njerwa ife tisanapite n'komwe ku siteshoni, ndipo bambo ake ankadziwa. Ndinayenda pa minibasi zaka zonse mpaka pamene anandisamutsira ku ofesi ya ku Lunzu, kumene ndimapita pa njinga.