Poto wa a Che Amidu

Ndikukumbukira poto wina wothyoka chogwirira amene mayi ankamupachika payekha pamsomali m'khitchini mwathu ku Bembeke. Zinali zaka zija munthu sunkalowa mumsika popanda khadi la chipani. Ife tinali Akatolika ndipo tinkaweta nkhumba, koma bambo anali ndi bwenzi lawo Msilamu, a Che Amidu, amene ankabwera panjinga kudzagula mbatata yathu ya kachewere. Akafika, mayi ankawaphikira m'poto ameneyo, yemwe anali asanakhudzepo nyama ya nkhumba.

Tsiku lina m'nyengo yachisanu, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, bambo anapha nkhumba ndipo ine ndinabisa kanthuli kamafuta. Mapoto ena onse anali pamoto. Ndinatsitsa wa pamsomali uja n'kukakazingira kuseri kwa nkhokwe. Nditatha ndinamukwecha ndi phulusa mpaka anawala kuposa kale. Kuwalako n'kumene kunandiulula.

"Wakwecha poto uyu ndani?" anafunsa mayi.

Ndinavomera, koma mwamakani. "Si ndatsuka? A Che Amidu sadziwa."

"Vuto lake ndi lomwelo," anatero mayi. "Iwo salowa m'khitchini muno. Amadya chifukwa amatikhulupirira."

Sanandikwapule, ndipo bola akanandikwapula. Loweruka a Che Amidu atafika, mayi anandituma kuti ndikawauze ndekha. Ndinagwada pafupi ndi njinga yawo. Ndinkaopa kuti sadzapondanso pakhomo pathu, mbatata yathu n'kuwolera m'matumba chifukwa cha dyera langa. Nditamaliza kufotokoza, iwo anasisita ndevu zawo.

"Mwanangu, wandiuza wekha," anatero. "Ndiye kuti pano ndidzadyanso."

Tsikulo anangomwa madzi. Mayi anagulitsa nkhuku yawo yoikira mazira n'kugula poto wina.

Mwezi watha ndili pamzere kubanki ndinaona windo lapadera lotumikira Asilamu. Akuti ndalama za pamenepo amazisunga pazokha, siziphatikizidwa ndi zopatsa chiwongoladzanja, chimene chipembedzo chawo chimaletsa. Bambo wina amene anali patsogolo panga anaseka.

"Banki ndi imodzi, ndalama ndi zomwezo. Atasakaniza angadziwe ndani?"

Ndinachita manyazi, pakuti awo anali mawu anga omwe aja, angomera imvi. Lero ndikumvetsa kuti amene akusiya ndalama zake pawindo lija nayenso salowa m'khitchini. Ndinawagwira paphewa bambowo.

"Achimwene, wophikayo amadziwa."