Bala Losatuluka Magazi

Howard Sitima ndamudziwa zaka makumi atatu ndi chimodzi. Anabwera m'mudzi mwathu, kunsi kwa phiri mbali ino ya Phalombe, kudzakwatira Aliness, mwana wa mlongo wanga. Ntchito yake inali kusenza matabwa kuchokera kwa ocheka m'phirimo. Ankakwera m'mawa nkhata ili m'manja, n'kutsika dzuwa litapendeka thabwa lili pamutu. Mowa ankamwa, sindibisa, koma tsiku limene anagwa anali asanalawe.

Linali Lachiwiri, mu Febuluwale chaka chatha. Mwala unali wonyowa ndi mvula, iye n'kuterereka, thabwa n'kumumenya pamwamba pa khutu lakumanzere. Anzake akuti anakhala duu kanthawi, kenako anadzuka n'kusenzanso. Anafika nalo mpaka kumsewu.

Aliness anandiitana chifukwa mwinimbumba ndine, ndipo m'banja mwathu wodwala sapita kuchipatala ine ndisanamuone. Ndinapapasa mutuwo. Panali kachotupa konga dzira la njiwa.

"Amalume, tipite nawo ku Boma?" anafunsa Aliness.

"Magazi ali kuti?" ndinatero ine. "Wosenza matabwa akamathamangira kuchipatala ndi chotupa chilichonse, ana ake adya chiyani? Athoweni ndi madzi otentha."

Howard anaseka. "Mwamva, mayi a Lenia? Mutu uwu ndi mwala. Thabwalo ndilo lavulala."

Ndikulemba poyera kuti amene anatseka njira ya kuchipatala tsiku limenelo ndine.

Lachitatu anayamba kusanza ndi kudandaula mutu. Tinati ndi malungo, poti inali nyengo yake, n'kumugulira mapiritsi kugolosale. Lachinayi anaitana Aliness ndi dzina la mayi a iye mwini, amene anamwalira kalekale, kenako anangogona. Ndinamutsina pamkono, osatsegula maso.

Tinamunyamula pa machira mpaka kumsewu, n'kuimitsa lole ya mchenga. Njira yonse Aliness anafukata mutu wa mwamuna wake, akufuula kuti, "Bambo a Lenia, musagone! Ndakugwirani mwendo, musagone!"

Dokotala anali mayi wa msinkhu wa mwana wanga. Anamuunika m'maso ndi katochi, n'kutembenukira kwa ine.

"Masiku awiri onsewa munali kuti, agogo?"

"Magazi sanatuluke," ndinayankha.

"Bala lili m'kati," anatero. "Mitsempha ya magazi ya mu ubongo ili ndi mpanda wake wothinana, umene sulola madzi a m'magazi kudutsa mwachisawawa. Mutu ukamenyedwa, mpandawo umabooka, madzi n'kumalowerera, ubongo n'kumatupa pang'onopang'ono. Mwendo ukatupa, khungu limatamuka. Chigaza sichitamuka."

Sukulu ndinalekeza Sitandade 3, koma ndinamva. Zili ngati kuviika nyemba m'botolo n'kutsekapo. Ife tinkathowa kunja, m'kati munthu akufinyika.

Anamuika diripi, n'kumukweza mutu, ambulansi n'kupita naye ku Blantyre. Anakhala masiku asanu ndi anayi osadziwa kanthu. Aliness ankamunyowetsa milomo ndi nsonga ya chitenje, akufunsa namwino aliyense wodutsa ngati mwamuna wake adzuke. Palibe anamulonjeza.

Anadzuka, koma si Howard yense amene anadzuka. Mkono ndi mwendo wakumanja zinafooka, mawu amatuluka limodzilimodzi ngati akuwakoka pachitsime. Lero munthu amene ankatsika phiri ndi thabwa la mamita anayi amatandala pakhonde, kudikira womutembenuza. Aliness ndiye akukwera phirilo kukatola nkhuni zogulitsa, ndipo msana wayamba kumuvuta. Sananditukwanepo. Amandipatsa moni atagwada monga kale, ndipo moniwo umandipweteka kuposa mbama.

Tsiku lotuluka m'chipatala tinamukweza m'minibasi ngati thumba la chimanga, anthu akuyang'ana. Analira ndi manyazi. Kenako anagwira dzanja la mkazi wake, n'kulimbana ndi lilime mpaka mawu anatuluka.

"Mayi a Lenia... simundinyamula... mpaka kale. Kumunda... ndidzapita ndekha."

Kuchokera pakhonde lake kukafika kumundako ndi mapazi mazana atatu ndi makumi awiri, ndinayesa ndekha. Dzulo ndi ndodo anayenda khumi ndi anayi, n'kugwa pafupi ndi nkhokwe. Aliness atathamangira kuti amudzutse, anamukaniza ndi dzanja lamoyo lija. Akuti mawu ake sanabweze, mawa ayesanso.