Bambo a Suti Pakati pa Phokoso

Mlungu watha pa siteshoni ya sitima ku Cannington ndinaona mnyamata atavala malaya ong'ambikang'ambika, tsitsi ataliimika kuloza kumwamba. Anamwino awiri akwathu, ofika kumene muno mu Perth, ankamuyang'ana n'kumatsinana. Mmodzi anandinong'oneza kuti, "Amayi, kodi ana a kuno alibe makolo?" Ndinaseka, koma sindinamuthandize kunyoza. Anthu a mtundu umenewu ndinawaona akuyamba kumene, ndipo ndimawapatsa ulemu mpaka lero.

Ndinabwera kuno zaka za m'ma 1970 zikupita kumapeto, boma litandipatsa mwayi wophunzira zaumoyo. Ana a masiku ano sangamvetse mmene tinkakhalira. Kwathu nthawi imeneyo mkazi kuvala buluku unali mlandu. Wina akanyoza akuluakulu iwe uli pomwepo, kumva kokhako unali utalakwa kale. Bambo anga anali kalaliki m'boma, ndipo atandiperekeza ku bwalo la ndege anangoti, "Ukayenda siya phazi, mwanawe, ukasiya mlomo ukutsata." Ndinkadziwa kuti mbiri yoipa ikangofika kumudzi, ine andiitanitsa maphunziro ali pakati, bambo ntchito iwathera, ang'ono anga n'kusiya sukulu.

Amalawi tinalipo owerengeka ndi zala. Wamkulu pa tonse anali bambo ena apabanja amene ankaphunzira zowerengera chuma, mkazi ndi ana atawasiya kumudzi. Ankavala suti ngakhale dzuwa la Januwale likuswa mtengo, baji ya chipani ili pachifuwa. Lamulungu lililonse masana ankatisonkhanitsa kunyumba kwawo, kutiwerengera nyuzipepala yochokera kumudzi, kenaka pemphero lalitali. Palibe anatiuza kuti iwowa ndi makutu a boma, koma tonse tinkakhulupirira choncho. Akangolowa, nkhani inkasanduka ya nyengo.

Ine ndinkakhala ku Bentley m'nyumba ya lendi ndi atsikana awiri achizungu a konkuno. Mmodzi, wamfupi, wodzimeta yekha ndi sizasi ya kukhitchini, ankaimba ng'oma m'kagulu ka anyamata atatu. Ankati nyimbo zawo ndi za punk, mawu amene ndinali ndisanawamvepo. Ankayeserera ndi ndodo zake pa mapilo, patebulo, ngakhale pamsana panga ndikamawerenga. Ine ndinakulira m'kwaya ya tchalitchi, ndipo ndinamuuza mosapsatira kuti zimene ndinamva pa kaseti yawo si nyimbo, ndi mabeseni akugwa pashelefu. Anaseka chikhakhali n'kundiuza kuti ndikaone ndekha Lamulungu masana. Ndinaganiza za msonkhano wa bambo a suti. Ndinaganizanso kuti kandimverere adakanena za m'maluwa, choncho ndinavomera.

Tsikulo ndinatuluka m'chipinda nditavala siketi yositidwa bwino ndi bulauzi yoyera. Mnzangayo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kupukusa mutu. Anati kumeneko anthu amadumpha ndi kugwa, siketi ikandichititsa manyazi, ndipo anandiponyera jinzi yake. Ndinaivala nditatseka makatani, ngati wapolisi wakwathu angandione ali kutsidya kwa nyanja yamchere. Miyendo yanga inaoneka ngati ya munthu wina. Kunena zoona, ndinaikonda.

Oimbawo anali atachita lendi kaholo ka malata kuseri kwa bwalo la mpira. Eni ake anawalola masana okha, poti oyandikana nawo anali atadandaula kale. M'katimo munali motentha, fungo la thukuta, mowa ndi fodya lili guu. Anthu sanali ambiri, koma maonekedwe! Malaya ong'ambidwa dala n'kulumikizidwa ndi mapini, majekete olembedwalembedwa ndi penti, wina atavala thumba la zinyalala la pulasitiki ngati diresi. Nsanja panalibe. Oimba anaima pansi pomwepo pamene tinaima ife, ng'oma zili pa kapeti yakutha kuti zisaterereke. Akuluakulu amati ukaipa dziwa nyimbo. Awa anadziipitsa dala, ndipo nyimbonso sankaidziwa.

Umu ndi mmene ndinkaganizira mpaka mnzanga uja atamenyanitsa ndodo zake m'mwamba n'kuyamba. Phokoso lake silinalowere m'makutu, linalowera pachifuwa. Malata a denga ankanjenjemera. Wagitala ankadziwa kugwira malo atatu okha, koma ankawagwira mokwiya, thupi lonse likuthandiza. Nyimbo iliyonse inkatha usanazindikire kuti yayamba, ina n'kugwerapo. Chingwe cha gitala chitaduka sanaime kupepesa, anapitiriza ndi zotsalazo. Nanga kamtsikana kanga kaja, kamene kunyumba kankandiitana kuti ndikaphe kangaude kubafa! Kankamenya ng'oma ngati kakupuntha nyemba, kataluma mano, tsitsi lili nyowe. Chala chinang'ambika, magazi akudonthera pa ng'oma, koma sikanaphonye ngakhale kamodzi. Ndinamva kunyada ngati ndi mng'ono wanga wabere limodzi.

Woimba mawu anali mnyamata wowonda amene m'kati mwa mlungu ankapenta nyumba za anthu. Chingerezi chake chokuwacho ndinachedwa kuchitola. Kenaka ndinachitola. Ankatchula nduna yaikulu ya dera lino ndi dzina lake lenileni, kuitcha yabodza, kenaka n'kutembenukira apolisi. Thupi langa linadziwa chochita ndisanaganize: maso kukhomo, nkhope kuiumitsa kuti wina asadzanene kuti ndinamwetulira. Ndinatchera khutu kudikira kulira kwa galimoto panja. Nyimbo inatha. Palibe anabwera. Mnyamatayo anamwa madzi, kudzithira otsalawo kumutu, n'kuyamba ina yoposa pamenepo.

Apa mpamene ndinawasirira ana aja, kusirira kopweteka. Anali ndi mkwiyo ndipo ankautulutsa pakamwa, masanasana, chitseko chili chotsegula. Ife m'kwaya tinkaimba mokoma, mawu anayi ogwirizana bwinobwino, koma sindikumbuka tsiku limene tinaimba chimene chinkatiwawa mumtima. Awa luso analibe, koma bodza analibenso. Oonera ankadumpha chilili, kugundana mapewa, ndipo wina akagwa manja angapo ankamudzutsa nthawi yomweyo. Sindikudziwa kuti zinayamba bwanji, ndinangopezeka ndili pakati pawo ndikudumpha nawo, bulauzi yoyera ija itamata pamsana.

Ndili m'mwamba choncho ndinaona suti.

Bambo aja anali ataima pakhomo, tayi ili pakhosi. Ndinamva pambuyo pake kuti atandisowa ku msonkhano anapita kunyumba kwathu, ndipo mtsikana winayo, posadziwa kanthu, anawalongosolera njira mwaulemu. Maso awo anandipeza, anatsikira pa jinzi, n'kubwereranso kumaso kwanga. M'maganizo mwanga ndinaona bambo anga akubweza makiyi a ofesi, amayi akumanga katundu m'nyumba ya boma. Kothawira kunalibe, khomo linali lomwelo.

Anayamba kubwera, akudzipanikiza pakati pa anthu, mpaka anafika pafupi nane, chala chikuloza panja. Nthawi yomweyo nyimbo ina inayamba, anthu anakhamukira kutsogolo n'kutikokolola tonse awiri mpaka pafupi ndi sipika. Tinapanikizika phewa ndi phewa. Ankayankhula, ine ndinkangoona milomo. Anayesanso mokweza, mitsempha ya m'khosi itatupa, ndipo ndinaona kuti eni akewo sakudzimva. Kenaka anasiya kundiyang'ana ine, anayang'ana woimba uja, anayang'ana anthu onse akukuwa nkhonya zili m'mwamba, aliyense zakezake, popanda womva mnzake. Anatsinzina, analozetsa nkhope kudenga, nawonso n'kuyamba kukuwa.

Chimene sankadziwa n'chakuti nyimbo za ana aja sizinkatsanzika. Zinkangoduka. Iyi inadukanso, holo yonse zii, ndipo munatsala mawu amodzi okha, a mwamuna wamkulu, m'Chichewa:

"Munamupha! Mwana wa amayi anga munamupha, agalu inu!"

Anatchulanso dzina limene kwathu sitinkalitchula popanda maulemu ake onse.

Azungu aja anaombera m'manja, ena akuimba mluzu. Wa thumba la zinyalala uja anawakumbatira, woimba anawalozetsa maikolofoni kuti awonjezere. Kwa iwo anali mkulu wa suti amene nyimbo yamulowa, ndipo anamukonda pomwepo. M'holo monsemo odziwa Chichewa tinalipo awiri. Bambowo anatsegula maso n'kundipeza ndili pomwepo paphewa pawo. Sindinaonepo nkhope ya munthu wamkulu ikuchita mantha chotero, ndipo ndinawamvera chisoni.

Tinatuluka, iwo patsogolo ine pambuyo. Mphepo ya kunyanja inali itayamba kuwomba monga imachitira masana. Anakhala pa njerwa pansi pa mtengo wa bulugamu, ine ndinaima chapatali, makutu akulira.

"Achemwali," anatero, mawu atasasa. "Mwamva chiyani m'katimu?"

"Phokoso, bambo. Makutu angogontha."

"Musandinamize. Mwamva."

Ndinavomera ndi mutu.

"Ndiye mulembera ndani?"

"Ine, bambo? Ine ndimati olemba ndinu."

Anaseka kuseka kopanda chimwemwe, akupukuta kumaso ndi mpango. Anati iwo sankadziwa kuti makutu a boma pakati pathu ndi ndani, ndipo nthawi zina ankaganiza kuti ndine, poti ndinkangomvetsera osanena kanthu. Ankatisonkhanitsa Lamulungu kuti pasapezeke wonena kuti Amalawi a ku Perth asokonekera, chifukwa mlandu ukanayambira pa iwo monga wamkulu, ndipo ana awo anali kumudzi. Tsikulo anabwera kudzanditulutsa mbiri isanamveke. Za jinzi sananene chilichonse. Mpaka pano sindidziwa ngati pakati pathu panali kazitape n'komwe.

Kenaka anandiuza za mng'ono wawo, ngakhale sindinafunse. Anali mphunzitsi wa ku pulayimale, munthu wanthabwala. Tsiku lina anaseketsa anzake pamalo omwera mowa ndi nkhani yosayenera kuseka. Anadzamutenga ana ake a sukulu akuona. Patapita miyezi banja linaitanidwa kukatenga bokosi lokhomedwa kale, n'kuuzidwa kuti aike msanga, popanda mwambo, popanda phokoso.

"Amayi anga analira atatseka pakamwa ndi chitenje," anatero. "Oyandikana nafe sanabwere, ndipo sindiwaimba mlandu. Ine ndinanyamula bokosi maso ali gwa. Kuyambira tsiku limenelo palibe munthu anandiuzapo kuti pepani. Angayerekeze ndani?"

M'holo muja mnzanga anamenyanitsanso ndodo zake, phokoso linayambiranso, malata akunjenjemera. Ndinali wamng'ono, koma ndinaleredwa, ndipo ndinkadziwa chimene munthu amachita akafika pa anamfedwa. Ndinavula nsapato, ndinayandikira, n'kukhala pansi padothi nditatambalala.

"Pepani, bambo," ndinatero. "Pepani ndi zovutazi."

Anagwira kumaso ndi manja onse awiri, mapewa akugwedezeka. Ine ndinayamba kulira mokweza monga amalirira amayi pasiwa, kulirira mphunzitsi amene sindinamuonepo. Odutsa mumsewu sanatembenuke, chifukwa ana aja anali kutiphimba ndi phokoso lawo lonse. Tinakhuza malirowo mpaka nyimbo yomaliza.