Pulasitala pa Kanyali Kofiira

Mpaka lero ndikamva fungo la madzi a dzimbiri owira, losakanikirana ndi la dzira lopsa, ndimabwerera ku Masasa, m'nyengo yozizira ya chaka chimene Amayi anadwala. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Nkhungu ya ku Mzuzu inkachedwa kuchoka, zovala sizinkauma pachingwe, ndipo Atate ankalawirira kukagona chagada pachiguduli pansi pa galimoto asanapite ku ofesi.

Galimotoyo anaigula kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo. Inali ngati kanyumba: mkati munali bedi, kakabati ndi makatani amaluwa ofwifwa. Anzanga ankaitcha ambulansi pondiseka, osadziwa kuti akulosera. A kuchipatala atanena kuti palibenso chimene angachite, Amayi anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti akatsirizikire kwawo ku Chiradzulu, pafupi ndi amayi awo. Pabasi sakanatha, chifukwa kukhala tsonga kunali kutawakanika kale. Njira yokhayo inali bedi la m'galimoto lija.

Koma nayo galimoto inali ndi matenda ake. M'mawa uliwonse tinkapeza chithaphwi pansi pake. Atate anamanga paipi ndi mphira wa chubu cha njinga, madzi n'kutulukira pena. Anamata radiyeta ndi sopo. Anaswera dzira m'menemo monga anawalangizira anzawo a kuntchito, dzira limene ine ndinkalimezera mate, koma linangogwira masiku awiri. Choipitsitsa chinali kanyali kofiira ka oyilo, pafupi ndi chiwongolero. Injini ikangotentha, kankaphethira, kenako n'kuyakiratu, ndipo Atate ankazimitsa injini n'kutsamiza chipumi pachiwongolero.

A Mhone, makanika wa ku Ching'ambo, anabwera Loweruka lina. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo n'kukaonetsa Atate. Oyiloyo anali ngati tiyi wamkaka.

"Adada, gasiketi yapsa chomene, madzi akulowa mu oyilo," anatero. "Itanitsani ina ku Blantyre. Ndipo kanyali aka kakayaka, osayenda yayi."

Gasiketi tinaidikira masabata atatu osafika. Amayi ankamva injini ikulira panja kenako n'kuzima, ndipo ankandifunsa motsitsa, "Esinati, kayakanso?" Ndinkangovomera ndi mutu. Kanyali kaja ndinadana nako kuposa chilichonse. Kwa ine galimoto inalibe vuto, inkalira bwinobwino mpaka kanthu kameneko katayaka n'kuopseza Atate.

Tsiku lina madzulo ndinadula pulasitala pampukutu umene ankamangira zilonda za Amayi, n'kukamata pakanyalipo kawiri konse, kuti kufiirako kusaonekenso. M'mawa mwake Atate analiza injini. Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana pamalopo, ine nditaima pachitseko mtima uli phaphapha. Kenako anatsika n'kunena, "Longedzani, tikupita."

Azimayi a kumpingo anawanyamula Amayi n'kuwagoneka pabedi lija. Tinadzaza madzi zigubu zinayi, Atate n'kuika makadi a chipani m'thumba la malaya chifukwa cha zipata za panjira. Titadutsa ku Katoto, Amayi anakankha katani n'kumasuzumira panja akumwetulira. Panali patapita miyezi ndisanaone mano awo. Anayamba kutchula zimene akadye akafika, nandolo wamuwisi ndi mbatata ya kudimba kwa agogo, ine n'kumadziona ngati munthu wanzeru kwambiri mu Mzuzu monse.

Sitinafike n'ku Chikangawa komwe. Pachitunda china, pakati pa mitengo ya paini, injini inayamba kugogoda ngati munthu pachitseko, utsi woyera unalowa mkati, kenako zii. Atate anakhuthulira zigubu zonse mu radiyeta, madzi n'kumangoyenderera pamsewu. Anayesa kiyi, anayesanso, koma injini osalira. Tinabwerera titakokedwa ndi lole ya matabwa, Amayi atatseka katani. Anamwalira patatha masiku asanu ndi anayi, ndipo tinawaika konkuno ku Mzuzu, m'dothi lonyowa. Gasiketi inafika sabata yotsatira, itakulungidwa bwino m'nyuzipepala.

Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti ndinapusitsa Atate n'kupha injini, ndipo mlanduwo ndinausenza ndekha osauza munthu. Ndinadzazindikira nditakula, nditayamba kuyendetsa galimoto yangayanga. Kanyali ka oyilo kamayenera kuyaka munthu akangotembenuza kiyi, injini isanalire, ndipo kakapanda kutero woyendetsa aliyense amadziwa. Komanso pulasitala woyera pamalo akuda ngakhale mwana angamuone. Atate anamuona. Ankadziwa kuti Amayi sakanatha kudikira gasiketi, kungoti dzanja lawo silikanatha kumata kanyaliko. Galimoto inachita dzimbiri kuseri kwa nyumba yathu mpaka ine kukwatiwa, pulasitala ali pomwepo. Atate sanamumatule, ndipo sanandifunsepo.