Mzere Wodukira Pakati

Ku ofesi yosunga zotsatira za mayeso akale kuli mayi wina amene anzake amamutcha Mayi Dikirani. Dzinali analipeza chifukwa cha kompyuta yake, yomwe ukaifunsa kanthu imayamba yaganiza kaye ngati munthu woiwala pomwe waika makiyi.

Zotsatira za zaka makumi awiri zinali mu fayilo imodzi ya mizere mamiliyoni, munthu aliyense mzere wake: nambala, dzina, magiredi. Akangoyesa kuitsegula, pulogalamu yake yolembera inkauma gwa. Ndiye chaka china anaidula yekha m'zidutswa makumi anayi zofanana kukula, monga umadulira sopo wamtanda. Ankazinyadira kwambiri zidutswazo.

Lolemba lina kunabwera bambo wowotcherera zitsulo, manja ali zipsera zokhazokha. Satifiketi yake inanyowa denga litadontha, zilembo zonse n'kufufutika, ndipo fakitale imene inamuitana ntchito inkafuna umboni pofika Lachisanu. Mayiyo sankafufuza ndi dzina, poti mayina amafanana. Analemba nambala ya bamboyo m'kabokosi kofufuzira, chidutswa ndi chidutswa, mpaka zonse zinatha. Sanapezeke.

"Koma mayesowo munalembadi, bambo? Pajatu ena amangoperekeza anzawo."

"Ndinalemba, mayi. Tsiku la masamu ndinatuluka thukuta mpaka pepala kunyowa."

Mayiyo anamuuza kuti mu makina mulibe, ndipo makina sanama. Bamboyo sanatsutse. Ankangobwera m'mawa uliwonse n'kukhala pa benchi, chipewa chili pa bondo.

Lachinayi masana, akufufuzanso m'chidutswa china, chala cha mayiyo chinatereza n'kugunda batani lodumphira kumapeto. Pansi penipeni pa chidutswacho panali mzere wa manambala anayi okha, kutsogolo kulibe kanthu. Anatsegula chidutswa chotsatira. Pamwamba pake panali manambala otsalawo, dzina la wowotcherera uja, ndi magiredi ake. Masamu anakhoza bwino lomwe. Pulogalamu imene anadulira fayilo ija inkangoyeza kukula, osaona pomwe mzere wa munthu wathera.

Anasindikiza kalata, n'kuimenya chidindo.

"Munalimo, bambo. Kungoti mutu kwina, miyendo kwina."

Bamboyo sanaseke. Anawerenga kalatayo kawiri, anaikulunga m'pulasitiki, n'kufunsa ngati basi yopita kufakitale imadutsa pa msewu womwewo.

Bamboyo atatuluka, mayiyo anabwerera pa kompyuta yake. Zidutswa makumi anayi ndiye kuti malo odukira ndi makumi atatu ndi asanu ndi anayi. Anayamba kuwatsegula amodziamodzi, akulumikiza mizere n'kumalemba mayina papepala. Dzina lachisanu ndi chiwiri analidziwa. Linali la mtsikana wina amene chaka chatha ankafuna kukaphunzira unamwino, anabwera sabata yathunthu, kenako anasiya. Mayiyo anatsegula buku la alendo kuti aone ngati mtsikanayo anasiya nambala ya foni. Pamalo pake panangokhala mzere wa bolopeni.